Injini yawira pa Great East, manje ndani alipira?

Amene munakwera minibasi ya ku Chelstone Lachisanu madzulo munaiona. Subaru ya buluu, marimu a golide, ekizozi yaikulu ngati chitini cha penti, itaima pambali pa Great East Road pafupi ndi Arcades, boneti ili m'mwamba, nthunzi ikutuluka ngati m'poto wa chimanga chophika pa Soweto. Mwini wake, mnyamata wa shati yoyera ya ku ofesi, anali pa foni, dzanja lina lili m'chiuno. Kondakitala wathu anatulutsa mutu pawindo: "Ba boss, kwelani chabe, malo yaliko! Ise sitiwila!" Basi yonse inaseka, ngakhale amayi ena amene sanakweze mutu kuchoka pa foni kuyambira m'tauni.

Mnyamatayo timamudziwa, koma monga mwa chizolowezi chathu pano, maina ayi. Tizimutcha Wa Subaru. Motokayo, Impreza WRX yochokera ku Japan, anaigula mu Ogasiti pa yadi ina yogulitsa magalimoto muno mu Lusaka, ndi ngongole yodulidwa pa malipiro kwa zaka zitatu. Pa tsiku logula anamupatsa makiyi awiri ndi pepala lonena kuti injini ndi giyabokosi zili pa warranty kwa miyezi itatu. Pepalalo analiponya mu dashibodi osaliwerenga. Miyezi iwiri chabe yapita, injini yafa, ngongole ili moyo.

Vidiyo ya nthunziyo inafika m'gulu lawo la WhatsApp galimoto yokoka isanafike n'komwe. Woyamba kuyankha anali Wa BMW: "Boi, tinakuuza. Iyo si motoka, ni ketulo ya turbo." Wa Mark X anatumiza chithunzi cha geji yake ili pakati, osalemba mawu aliwonse. Mkangano unatenga usiku wonse, mauthenga mazanamazana, ndipo palibe mmodzi amene anafunsa funso limene linali kumulanda tulo mnzawo: kodi pepala la mu dashibodi lija lilipira?

Kuti tiyankhe, tiyambe ndi zimene zinachitika pansi pa boneti, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo.

Injini ndi mbaula yoyenda. Pa petulo amene mumathira, gawo limodzi chabe mwa magawo atatu, mwinanso kucheperapo, ndilo limasanduka mphamvu yozunguza mawilo. Yotsalayo ndi kutentha: kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumayenera kunyamulidwa ndi madzi. Pampu imazunguza madziwo m'tinjira ta mkati mwa injini, amatenga kutentha, amapita ku radiator kutsogolo, mphepo imawaziziritsa, amabwerera. Injini imafuna kugwira ntchito ili pa madigiri pafupifupi 90. Motoka ya masewera imawotcha petulo wambiri pa nthawi yochepa, ndipo turbo imakankhira mpweya wowonjezera mu injini kuti iwotche wochuluka kuposa apo, kotero madzi aja amakhala ndi katundu wolemera kuposa wa mu Vitz ya alongo anu.

Manje apa pali kanthu kamene ambiri sadziwa. Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo pamtunda wotere madzi wamba amawira pa madigiri ngati 96, osafika 100 amene tinaphunzira ku sukulu. Injini ili pa 90, madzi awira pa 96: mpata wake ndi wochepa kwambiri. Chimene chimapulumutsa ndi kachitsekero ka pa radiator kaja, kamene anthu amakaona ngati chivundikiro cha botolo. Kali ndi sipulingi yosunga mpweya wopanikizika mkati, pa magalimoto ambiri a ku Japan pafupifupi 1.1 bar, ndipo madzi opanikizidwa chotero sawira mpaka cha m'ma 120. Coolant wosakaniza bwino amawonjezerapo madigiri ena angapo, komanso amaletsa dzimbiri. Kachitsekero kakatha mphamvu, kapena paipi ikayamba kudontha pang'onopang'ono, chitetezo chonsecho chapita.

Onjezanipo Okutobala wathu, dzuwa lopitirira madigiri 30, ndi mzere wa magalimoto kuchoka pa Manda Hill. Pa msewu wotseguka mphepo imalowa yokha mu radiator. Mu jamu mulibe mphepo, zonse zimadalira fani yamagetsi, ndipo AC ikayaka imathira kutentha kwake kutsogolo kwa radiator yomweyo. Mphuno ya pa boneti ya WRX, imene anyamata amanyadira, siziziritsa madzi ayi. Imapereka mphepo ku intercooler, chida choziziritsa mpweya wochoka mu turbo, ndipo motoka ikaima intercooler imangokhala pamwamba pa injini kuwotchedwa ngati nyama pa braai.

Loweruka m'mawa Subaru inakokeredwa kwa ba mudala ena a ku Chilenje, makanika amene anayamba ntchito nthawi ya Peugeot 504. Funso lawo loyamba linali lalifupi.

"Geji inakwela uli pati?"

"Pa Manda Hill, ba mudala."

"Unaima pati?"

"Pa Arcades. Nenze kufuna nifike pa filling station."

Ba mudala anangopukusa mutu. Pakati pa malo awiriwa ndi pafupi, munthu amayenda ndi miyendo, koma mu jamu ya Lachisanu ndi mphindi zambiri, ndipo injini yowira siyembekeza. Mutu wa injini za masiku ano ndi wa aluminiyamu. Ukatentha mopitirira umapindika, mwina pang'ono ngati kukhuthala kwa tsitsi, koma zimenezo zimakwana kuti head gasket, chomatira cha pakati pa mutu ndi thupi la injini, chisiye kugwira. Pamenepo moto wa mu silinda umalowa m'madzi, madzi amalowa mu oilo, utsi woyera umatuluka kumbuyo, ndipo mukatsegula chitsekero cha oilo mumapeza zinthu zooneka ngati tiyi wa mkaka. Injini ya Subaru ndi yogona chammbali, masilinda awiri uku awiri uku, kotero mitu ilipo iwiri, magasiketi awiri, ndipo amakanika ambiri amaitulutsa yonse kuti agwire bwino. Ndalama ya ntchito imayambira pamenepo.

Wa Subaru anawonjezera tchimo lachiwiri. Ataima, anyamata ogulitsa m'misewu anabwera ndi mabotolo, wina anatsegula radiator ndi kansalu (mwamwayi sanapse nkhope), ndipo anathira madzi ozizira mu injini yotentha. Chitsulo chotentha chikakumana ndi madzi ozizira mwadzidzidzi chimatha kung'aluka. Chimene anayenera kuchita n'chosavuta, ngakhale chimachititsa manyazi pamaso pa minibasi: geji ikangodutsa pamalo pake, zimitsani AC, yatsani heater mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha kwina, patukani pomwepo, zimitsani injini. Radiator osaitsegula kufikira itazizira, theka la ola kapena kuposa. Ndalama ya galimoto yokoka imawawa tsiku limodzi chabe.

Tsopano pepala lija. Lolemba m'mawa Wa Subaru analitulutsa n'kupita nalo ku yadi, ali ndi chikhulupiriro cha munthu amene wanyamula risiti. Bwana wa pa yadi anamulandira bwino, anamupatsa mpando, kenako analitembenuza pepalalo. Kumbuyo kunali mizere ya tizilembo ting'onoting'ono: warranty siikhudza kuwonongeka kobwera chifukwa cha kutentha kwa injini, imatha ngati motoka yasinthidwa kanthu, imatha ngati yatsegulidwa ndi makanika wina. "Ba boss, ekizozi iyi sitinakugulitseni ise. Na ichi cholila 'psss' mukachinja giya, munaikako mweka. Elo mwaipeleka kale kwa makanika wanu."

Zonsezo zinali zoona. M'sabata yoyamba yomweyo mnyamata wathu anaika ekizozi yaphokoso ndi blow-off valve, ndipo mnzake wina wa laputopu anasintha mapulogalamu a kompyuta ya injini kuti turbo ikankhe kwambiri. Gulu la WhatsApp linawomba m'manja tsiku limenelo.

Mawu akuti warranty timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo chisokonezo chimachokera apa. Pali warranty ya kampani yopanga motoka, imene mumalandira mukagula yatsopano kwa dila wovomerezeka. Ku Japan makampani ambiri amapereka zaka 3 kapena makilomita 60,000 pa zida wamba, ndi zaka 5 kapena makilomita 100,000 pa zida zikuluzikulu monga injini. Motoka imene yatha zaka khumi kapena kuposa, yakwera sitima mpaka Dar es Salaam, yalowa pa Nakonde, warranty imeneyo inatha kalekale. Ndiye pali pepala la pa yadi, limene ndi lonjezo la wogulitsayo, lolembedwa ndi iye mwini, ndipo lili ndi malire amene iye wasankha. Chachitatu ndi inshuwaransi, imene anyamata ena amaganiza kuti ikakhala comprehensive ndiye kuti imalipira chilichonse. Imeneyo ndi ya ngozi, kubedwa ndi moto. Injini yodzifera yokha nthawi zambiri siilowamo.

Warranty iliyonse, ngakhale ya kampani yaikulu, imalonjeza chinthu chimodzi: ngati chida chinali ndi vuto lake chichokere, tidzakonza. Siilonjeza kukonza zimene mwawononga nokha. Ndiye chifukwa chake kutentha kwa injini kumabweretsa ndewu kuposa vuto lina lililonse, popeza kumakhala ndi olakwa awiri. China chake chimayamba kufa, kaya pampu, fani kapena paipi, ndipo limenelo lingakhale vuto la wogulitsa. Koma chimene chimapha injini ndi kupitiriza kuyendetsa geji ili pa redi, ndipo limenelo ndi la dalaivala. Wogulitsa amaloza phazi lanu, inu mumaloza pampu yake.

Musaganize kuti izi ndi za ife ogula zakale chabe. Ku America, Chevrolet inatulutsa Corvette Z06 ya 2015, injini ya malita 6.2 ya mahatchi 650, n'kuigulitsa ngati motoka ya pa bwalo la mpikisano. Eni ake ena atapita nayo ku bwaloko anapeza kuti ikathamanga kwa kanthawi tsiku lotentha, kompyuta imadula mphamvu kuti injini isapse. Okonda Ford anaseka mpaka misozi. Posakhalitsa Mustang Shelby GT350 ya 2016 inayamba zofanana: mitundu yake ina inalibe zoziziritsa giyabokosi ndi difu, ndipo nayo inkadula mphamvu ikatentha. Mu 2017 makampani onse awiri anasumiridwa ku khoti ndi magulu a eni magalimoto, ndipo onse awiri anasintha zoziziritsa pa magalimoto a chaka cha 2017. Nissan nayo inakangana ndi eni GT-R zoyambirira pa magiyabokosi osweka: kuti munyamuke mwa liwiro lija limene aliyense ankalikamba munayenera kuzimitsa chida choletsa kuterereka, pamene buku la motokayo linkati zowonongeka chidacho chili chozimitsidwa sizili pa warranty. Awa anali anthu ogula zatsopano, ndi madola, kwa dila. Nanga iwe wa pepala la miyezi itatu?

Za mpikisano wa mabaji, tikambe chilungamo, chifukwa aliyense m'gulu lija ali ndi chilonda chimene amabisa.

Wa BMW akamati Subaru imadya magasiketi, akunena theka la zoona. Mbiri imeneyo inabwera makamaka ndi injini za EJ25 za malita 2.5 zopanda turbo, za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi m'ma 2000. WRX za ku Japan za nthawi imeneyo zili ndi EJ20 ya malita 2.0, imene siidziwika kwambiri ndi vutolo, pokhapokha mwiniwake aiphike yekha monga tinaonera Lachisanu. Koma Wa BMW yemweyo asatukule kwambiri mapewa. Pa 3 Series ya E46, kathanki ka madzi ka pulasitiki kamadziwika ndi kung'aluka kakakalamba. Pa E90 ya masilinda sikisi pampu ya madzi ndi yamagetsi, ndipo ikafuna kufa siitsanzika. Choseketsa n'chakuti zambiri mwa E90 zilibe n'komwe geji ya madzi pa dashibodi. Mumangoona nyali yachikasu, kenako yofiira, nkhani yatha.

A Toyota ndi amene amayenda ngati atsogoleri a mpingo, ndipo pa zida zosinthira ali ndi mfundo: za Toyota mumazipeza paliponse m'tauni, mitengo yake yopirika. Koma Altezza inasiya kupangidwa mu 2005, werengani nokha zaka. Radiator yake ili ndi mathanki a pulasitiki monga ena onse, mapaipi ake ndi a labala monga ena onse, ndipo labala wa zaka zimenezo sadziwa kuti pa boneti palembedwa chiyani. Ine ndaonapo ma Altezza ambiri boneti ili m'mwamba pa Munali Hills kuposa Subaru, mwina chifukwa choti ndiwo ochuluka, mwina chifukwa choti eni ake amakhulupirira kuti Toyota siifuna kuyang'aniridwa.

Mkangano wa Subaru uli ndi mizu yake yeniyeni, ndipo mdani wake wakale sanali BMW. Anali Mitsubishi Lancer Evolution, pa mipikisano ya rally ya dziko lonse. Colin McRae anatenga chikho cha madalaivala mu 1995 ndi Impreza ya buluu ya marimu a golide, ndipo Subaru inapambana cha makampani zaka zitatu zotsatizana, 1995 mpaka 1997. Tommi Mäkinen anayankha ndi Evo, zikho zinayi kuchokera 1996 mpaka 1999. Kuno kwathu Muna Singh anakhala katswiri wa rally wa Africa mu 2004 ndi 2005 ali mu Subaru. Ndiye mnyamata wa ku Chelstone akasankha buluu ndi golide, pali mbiri imene akuitsatira, ngakhale kuti iye amangopikisana ndi maloboti a pa Addis Ababa Drive. Chimene amaiwala n'chakuti motoka ya rally imaonedwa ndi gulu la amakanika kangapo pa tsiku. Yake inaonedwa komaliza ndi mnzake wa laputopu.

Mwina mukuti nkhani yatha, mnyamata waluza. Dikirani pang'ono, chifukwa ba mudala a ku Chilenje anapeza zinthu ziwiri.

Atamasula paipi ya pansi, malo a thermostat anali opanda kanthu. Thermostat ndi kachitseko kamene kamatseka madzi injini ikakhala yozizira, n'kutseguka ikafika pa madigiri ngati 80. Pali chikhulupiriro m'magalaji athu chakuti ndi ka mayiko a chisanu, kuno n'kosafunika. Si zoona, injini inapangidwa kuti iziyenda nako. Koma chofunika pa mlandu uwu n'chakuti munthu sachotsa thermostat pa motoka yabwinobwino. Amaichotsa pamene geji yayamba kale kukwera ndipo akufuna kuti ikhale pansi kwa kanthawi. Chachiwiri, m'madzi otsala mu radiator munali matope abulauni okhala ndi tinthu tonyezimira, mankhwala aja othira kuti atseke podontha. Coolant munalibe, munali madzi a pa mpopi, ndipo madzi a Lusaka mukuwadziwa: ambiri amachokera m'nthaka ya miyala ya laimu, onani mkati mwa ketulo yanu. Zoyera zimene zimamata m'ketulo zimamatanso m'timapaipi ta radiator mpaka titatsekeka.

"Mwana wanga, iyi motoka inali kudwala kale usanaigule," anatero ba mudala. "Koma iwe ndiwe unaimaliza."

Mawu awiriwo ndiwo mlandu wonse, ndipo loyambalo lili ndi mphamvu pa lamulo. Zambia ili ndi Competition and Consumer Protection Act ya 2010, imene imaletsa wamalonda kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosayenera ntchito imene amagulidwira, ndipo imaletsanso zikwangwani zija zokana kubweza ndalama kapena katundu. Madandaulo amapita ku CCPC, bungwe loona za ogula. Tizilembo ta kumbuyo kwa pepala sitingafafanize lamulo. Koma lamulo limafuna umboni, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri amagwa: amakalipa pa yadi, amalemba pa Facebook, kenako amalola kuti injini imasulidwe, madzi atayidwe, zida zakale ziponyedwe ku zinyalala. Ba mudala anachita mwanzeru. Anajambula malo a thermostat asanakhudze china, anasunga madzi abulauniwo m'botolo, analemba zimene apeza pa pepala la galaji yawo ndi deti, ndipo anakana kutsegula mitu ya injini kufikira a pa yadi atabwera kudzaona okha.

Yadi nayo ili ndi poimira. Idzati thermostat inachotsedwa ku Japan, kapena panjira, kapena ndi mnzake wa laputopu. Idzati turbo yokankhidwa mopitirira ndiyo inabweretsa kutentha. Idzafunsa chifukwa chimene munthu woona geji pa redi anapitirizira kuyenda. Maganizo anga ndi akuti nkhani ngati iyi siikonda kutha ndi wopambana mmodzi. Mwina adzagawana, wina radiator ndi zida, wina ndalama ya ntchito. Wa Subaru akanakhala kuti sanasinthe kanthu m'miyezi itatu ija, ndipo akanaima pa Manda Hill pomwepo, bwenzi akulankhula ndi mawu okwera kuposa apa. Ndipo akanapita ndi ba mudala omwewa pa tsiku logula, kuti atsegule radiator injini ili yozizira, aone mtundu wa madzi, aisiye ikulira theka la ola mpaka fani iyake, ayeze ngati muli utsi m'madzi, ndalama yake ikanakhala ya chakudya chamasana cha anthu awiri.

Akumana Lachinayi ku Chilenje: bwana wa pa yadi, makanika wake, ba mudala, ndi botolo la madzi abulauni pa tebulo. Pa 28 ngongole idzadulidwa monga mwa masiku onse. Pakali pano mnyamata wathu akupita ku ntchito pa lifiti ya Wa BMW, amene sanasiye kumuseka kuchoka ku Chelstone mpaka pa Kabwe Roundabout. Dzulo atatsegula buti kuti aikemo chikwama, Wa Subaru anapezamo chigubu cha malita 5 cha coolant, chatheka.

"Ichi n'chachani, boi?"

"Vala buti, tachedwa."